Khoma Silisayina

Fomu ikuti: lembani zaka zimene mwagwira ntchito.
Ndinalemba khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Fomu ikuti: perekani umboni.
Apa cholembera chinaima.

Mtsikana wa pa kompyuta ku Limbe,
m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu,
anandiyang'ana modutsitsa maso pa magalasi:
"Bambo Likoswe, akunjawa safuna nkhani,
amafuna pepala la chidindo."
Ndinamutambasulira zikhatho.
Anaseka, osati mwachipongwe ayi,
nati makina ake sawerenga zipsera.

Ndiye Loweruka ndinabwereka foni ya mlamu
n'kuyamba kuzungulira tauni, kusaka mboni zanga.
Ku Ginnery Corner kuli zipilala
zimene ndinalukira zitsulo mvula ili pamsana,
waya akundidya zala.
Mlonda anandikusa: pano sajambula.
Ku Namiwawa, pa mpanda wotalika kuposa nyumba yanga,
anandiyankha ndi galu.
Ku Chichiri, masitepe amene tinathira konkire usiku wonse
akupondedwa ndi nsapato zosandidziwa.
Khoma silisayina.
Foromani amene akanasayina
tinamuika m'manda chaka cha mliri,
ndipo kampani yake yasintha dzina katatu
ngati munthu wothawa ngongole.

Geresomu, amene tinkanyemerana banzi pa sikafodi,
ali ku Doha chaka chachiwiri.
Mawu ake amafika pa foni pakati pa usiku.
Akuti makina onyamula zitsulo kumeneko amakanda mitambo.
Akuti dzuwa limakuphika ubongo m'chipewa momwemo.
Akuti amagona asanu ndi atatu chipinda chimodzi,
Mnepali, Mkenya, wina sadziwa n'komwe kwawo,
aliyense kubwebweta m'chinenero cha amake,
ndipo pasipoti amasunga ndi abwana.
Koma mkazi wake ku Machinjiri wafolera malata atsopano,
ndipo malata sanena za dzuwa la ku Doha,
amangonyezimira.

A Makwinja, ejenti, ofesi yawo ndi chikwama.
Akuti kampani yaikulu ya Aturuki ikufuna amuna makumi anayi:
bwalo la ndege, zaka zitatu, malipiro m'madola.
Zikalata adzakonza okha, akuti, ndisade nkhawa,
ndingolipira kaye ya magazi, ya viza,
ndi ina yofewetsera njira.
Ndinagulitsa wilibala.
Ndinagulitsa levulo, kadontho kake kakundiyang'ana
ngati diso la mwana wosiyidwa pa depoti.
Mpeni womangira wokha ndinaukaniza.

Pamzere wa pasipoti ndinafika folo koloko m'mawa,
n'kupeza ena atagona kale pa makatoni:
owotcherera, akalipentala, oyendetsa zigandanga,
manja amene anaimika mzinda uno
onse atafumbata envulopu yakhaki
yopempha khomo lotulukira.

Elufe salankhula zambiri.
Amawerenga za tomato wake pa mphasa, kawiri kawiri,
ngati zichuluka akabwereza.
Dzana, osadzutsa mutu, anangoti:
"Mukapita kukamangira eni ake bwalo la ndege,
khoma lathu lakuseri lija namondwe anagwetsa
adzaimika ndani?"
Pulasitiki yakuda imene tinatchingira
inawomba m'manja, ngati yamva.

Sabata yachitatu tsopano
nambala ya a Makwinja sikupezeka pakadali pano.
Mayi wa mu foniyo amandiuza mwaulemu,
m'zinenero ziwiri,
kuti ndiyesenso nthawi ina.

Lero ndadzuka Soche asanavule nkhungu.
Ndatola njerwa zimene matope anatisiyira,
ndazigogoda imodzi imodzi kumva zamoyo,
ndakoka chingwe, ndayeza ndi diso.
Mizere isanu pofika masana.
Foni ili m'thumba la malaya, pamtima,
mwina Aturuki angandifune ndili pakati pa mzere.
Pa simenti yosauma, pakona, pamene sipafika mvula,
ndadinda chala chachikulu.
Chidindo ndi chimenecho.
Wofuna umboni akwere minibasi ya ku Chilobwe,
atsike pa mjigo, afunse kwa Likoswe.